Kaujeni ndi Abale Ake: Mtanthauziramawu wa Kwathu ku Mbare

M'nyumba zambiri za ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, malokeshoni a mumzinda wa Harare, muli chitini chimene sichisungidwamo chakudya. Kale chinali cha mabisiketi kapena cha mkaka wa ufa, koma lero mukachigwedeza chimangoti gobedegobede. M'menemo muli tizitsulo, timphira, timasipuling'i, mabawuti opanda nati, manati opanda bawuti, makiyi a maloko amene anatayika kalekale, ndi tinthu tina ta pulasitiki timene ngakhale mwini nyumba sakumbuka kuti tinachoka pa chiyani. Palibe kanthu ka m'chitinimo kamene kali ndi dzina lodziwika kwa onse. Komabe mayi akati, "Iwe, tanditengera kaujeni kaja ka pa ujeni," mwana amathamanga nabwera nako kenikeniko, osafunsa n'kamodzi komwe.

Mlendo akamva zimenezi amayesa ulesi wa pakamwa, mwinanso umbuli. Ine ndikuti ayi. Mawu amenewa ali ndi malamulo ake okhwima, ndipo amene sawadziwa amabweretsa chinthu cholakwika. Malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anavomereza zilankhulo 16, Chichewa nachilemba poyambirira penipeni pa mndandandawo (musadzitame, anangotsata zilembo). Koma kuvomereza chilankhulo n'kwina, kutiuza dzina la kachitsulo kamene kamagwira chivindikiro cha ketulo n'kwinanso. Ntchito yachiwiriyi yatsalira ife eni makhitchini.

Tiyambe ndi kholo lawo. Ujeni ndi chinthu chilichonse chimene dzina lake munali nalo pakamwa pompano, koma lathawa mutangoyasamula. Si chinthu chachilendo. Chachilendo timafunsa kuti "ichi n'chiyani?" Ujeni mumamudziwa bwino, maonekedwe ake, kulemera kwake, ndi pamene anagwera dzulo. Amakhalanso malo, "ndinakagula ku ujeni," ndipo amakhala munthu, "a ujeni a ku Matapi aja." Azakhali anga ndiye akatswiri. Tsiku lina analowa m'nyumba ali wefuwefu nanena kuti, "Ujeni wa pa ujeni wa a ujeni uja waujenikanso." Tonse tinamva, tinadandaula nawo. Chigwiriro cha mphika umene tinabwereka kwa aneba chinali chitagulukanso.

Tsono ujeni akavala tizilembo patsogolo m'pamene nzeru zimaonekera. Kaujeni ndi kanthu koti mungakafumbate, kotsika mtengo, koma kakasowa makina onse aima. Sikapezeka pamene munakasiya. Kakagwa kamadziwa kokha njira ya kunsi kwa mpando wolemera kuposa yonse. Chiujeni ndi chofuna manja awiri, kapena chimene chimang'ung'udza chokha usiku, monga chakuda chija cha kuseri kwa firiji. Dzina limeneli limatchulidwa motsitsa mawu, chifukwa chiujeni chikafa ndiye kuti lendi ya mwezi uno yapita. Tiujeni ndi tinthu timene tinali tinayi koma tsopano tilipo titatu: timiyendo ta mphira ta kunsi kwa hotipuleti, timabatani ta chitofu. Pamalo pa kachinayiko pamakhala chitsekerero cha botolo kapena katoni yopinda, ndipo pakatha chaka palibenso amene amaona kuti ndi yobwereka. Ziujeni amanena ndi munthu wokwiya yekha, makamaka amene wagwira tsache: "Tachotsani ziujeni zanuzi pakhonde pano." Zinthu zomwezo bambo a m'nyumba amazitchula masipeyala.

Pali chakuti, amene ambiri amamusokoneza ndi ujeni. Chakuti sitimutchula chinthu chili m'manja. Ndi wa pofotokoza nkhani pambuyo pake. "Mmisiri uja akuti chakuti chapsa." Ndiye pali chakutichakuti, amene ndi mndandanda wonse wa zimene mmisiriyo anatchula inu musakumva, poti khutu linali kudikira mtengo basi. Koma wondisangalatsa kwambiri ndi kotere. Kotere sayenda yekha, amafuna dzanja. "Kamene kamatere kaja," munthu akupotoza mkono, kapena akukanikiza mpweya ndi chala chachikulu. Maso ndi maso, kotere ndi wolondola kuposa buku. Pa foni ndiye mavuto. Apongozi anga amaimbira mwana wawo ali ku Johannesburg, foni ku khutu, dzanja linalo likupota m'malere: "Undigulire kotere kaja, osati kotere ayi, koma kotere." Mwanayo amavomera kuti wamva, poti nanga angatsutse mayi ake?

Kuti mawuwa achuluke chonchi pali mbiri yake. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija cha 1953 mpaka 1963, nadutsa ku Tete, nadzapeza ntchito yaukhukhi ku Avondale mzinda uno ukadali Salisbury. Anzawo ambiri anali chimodzimodzi: makhukhi, ogwira m'maluwa, atelala, ena m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Makina a m'nyumba anakumana nawo m'khitchini ya mzungu. Mayina a zinthu zathunthu anawagwira, ndi awa tili nawo lerowa, ketulo, firiji, wailesi. Koma mayina a tam'kati sanawamve, chifukwa chinthu chikafa dona ankaitana wokonza kapena ankagula china, chakufacho n'kupatsa khukhi. Choncho simbi, mawailesi ndi zitofu zinkafika ku lokeshoni zitafa kale, popanda kabuku, popanda katoni. Amene anazitsegula n'kuziukitsa anayenera kupeza yekha chotchulira zimene anapeza m'katimo.

Ndipo dziko lino silinatipatse mpata woiwala luso limenelo. Boma la Ian Smith litadzilengeza lokha ufulu mu 1965, maiko ambiri analeka kuchita nalo malonda, zinthu zikamafa zinkakonzedwa, zina n'kumapangidwa konkuno, monga mawailesi a Supersonic a ku Bulawayo amene akuluakulu amawakumbukabe ndi mabatire ake aakulu a PM9 ndi PM10. Kenako kunabwera 2008, mashelefu a m'masitolo ali mbee, ndipo mu January 2009 tinagwira pepala la ndalama la 100 trillion. Munthu amene anawerengapo maziro 14 pa pepala limodzi, n'kulephera kugula nalo zinthu za mlungu umodzi, sataya sikuluwu.

Kuyambira pamenepo katundu wa m'nyumba zathu ndi wa mitundu yonse: ketulo ya ku Musina, TV yotumizidwa ndi mlongo wa ku Leeds, tchaja ya ku China, mbaula ya magetsi yogula kwa mnzako amene akusamuka. Chilichonse chimabwera ndi pulagi ya kwawo. Pakhoma pali soketi ya Chingerezi ya mano atatu a makona, imene ku Britain inayamba mu 1947. Ketulo ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, onenepa. Tchaja ili ndi timano tiwiri towonda. Nyumba zina zakale zikadali ndi soketi za timano tobulungira tating'ono timene sitigwirizana ndi chilichonse mwa izi. Pakati pa zonsezi pamafunika adaputa, imene kwathu timaitchula ankhoswe, ndipo timaipatsa ulemu wake wonse. "Ankhoswe ali kuti?" "Ali kuchipinda, akutchaja foni." Dzinali analipereka ndi mayi anga, ati chifukwa amalumikiza awiri amene makolo awo sanagwirizane, ndipo zinthu zikatentha oyamba kupsa ndi iwo. Pali nyumba zina pamene ankhoswe amakwerana atatu, a kuchimuna, a kuchikazi, ndi ena ongobwera kudzaperekeza, onse akulendewera pa soketi imodzi atatsamizidwa ndi njerwa. Ketulo ya mawati 2000 imakoka maampu pafupifupi 9. Mphamvu imeneyo ikamadutsa pa timano togwedera, pogundana pake n'pochepa, pamatentha, pulasitiki n'kuyamba kuchita bulawuni ndi kununkha. Fungo limenelo mwana aliyense wa ku Mbare amalidziwa asanadziwe kuwerenga.

Pa soketi ya Chingerezi pomwepo pamabadwira katsegulanjira. Dzino la pamwamba la pulagi, la waya wa nthaka, ndi lalitali dala: likalowa limakankha titseko timene timatchinga mabowo awiri a m'munsi, kuti mwana asapisemo chala kapena foloko. Tchaja ya mano awiri ilibe dzino limenelo. Katsegulanjira tsono ndi chilichonse chimene chili pafupi, chotsekera bolopeni, kamtengo ka machesi, nthawi zina kiyi, chimene munthu amatosa m'bowo la pamwamba kuti tchaja ilowe. Amene amagwiritsa ntchito kiyi ine sindikhala nawo pafupi.

M'kati mwa pulagi ya makona muli kafera-anzake. Enafe timadziwa kuti ndi fyuzi, koma dzina la kwathu likunena zoona zambiri. Ndi kabotolo kakang'ono koyera kokhala ndi zipewa zachitsulo uku ndi uku, m'kati muli kawaya kowonda kamene kanapangidwa kuti kasungunuke mphamvu ikapyola muyeso, nthambo isanayake. Kolembedwa mofiira n'ka maampu 3, ka nyale ndi wailesi. Kolembedwa mwa bulawuni n'ka maampu 13, ka ketulo ndi simbi. Kakafa, kagwira ntchito yake, ndipo kakukuuzani kuti kwinakwake kuli vuto. Koma ife timakwiya nako. Timakakulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena timakachotsa n'kuikapo chidutswa cha msomali. Alamu anga amatchula msomali umenewo kuti mpakampaka, ati sudzafanso mpaka kalekale. N'zoona, msomali sufa. Imafa ndi nthambo, kenako katani, kenako denga. Pa zonse zimene ndikuseka m'nkhani ino, ichi chokha sindiseka, ndipo alamu anga amadziwa kuti ndikafika kwawo ndimayamba ndatsegula pulagi ya simbi ndisanalandire tiyi.

Mawu okoma kwambiri anachokera ku pulayimasi, chitofu chamkuwa cha palafini chija chimene chinayamba kupangidwa ku Sweden mu 1892 n'kufika m'nyumba iliyonse ya ku lokeshoni. Achinyamata a lero sanachione chikuyaka, ndiye ndifotokoze. Mumathira sipiriti wapepo m'kambale ka pakhosi pake, n'kuyatsa kuti mutu utenthe. Sipiriti akatsala pang'ono kutha mumapopa. Mpweya umakankha palafini kukwera m'timapaipi totentha, palafini n'kusanduka nthunzi, nthunziyo n'kutulukira pa kabowo kakang'ono kwambiri, n'kuyaka ndi mkokomo woti anthu a m'chipinda chimodzi amalankhulana mokuwa. Mukapopa msanga mutu usanatenthe, palafini amatuluka wamadzi, lawi lachikasu n'kufika kudenga, nsidze n'kupita.

Pa pulayimasi agogo aakazi anali ndi mayina atatu. Kabayo ndi kawaya kowonda kuposa singano, komangidwa pa kachitini kosongoka, kotokosera kabowo kaja mwaye ukatseka. Tanthauzo lake lenileni ndi ili: kanthu kamene kamasowa pamene madzi a nsima atsala pang'ono kuwira, kamene kamapezeka mawa lake katabisala m'Baibulo pa Masalimo. Kachikopa kamakhala m'kati mwa popera. Kakauma mumapopa mphepo yokhayokha mpaka mkono kuwawa, ndipo mankhwala ake ndi dontho la mafuta ophikira. Kapsii ndi kogudumuza ka pambali pa thanki, kamene mukakamasula mpweya umathawa kuti psii, moto n'kuzima. Ana tinkalimbirana kuti ndani amasule kapsii. Palibe mwa mayina atatuwa limene lili m'buku la kampani, koma mukanapita nawo kwa wowotcherera mapulayimasi aliyense wochokera kumudzi, akanakupatsani chimene mukufuna osakweza n'komwe maso.

Pulayimasi inapita, gasi analowa. Mu 2019, madzi atachepa ku damu la Kariba, magetsi ankathima mpaka maola 18 pa tsiku, kubwera anthu atagona n'kupita asanadzuke. Amayi ankasita ndi kuphika nyemba pakati pa usiku. Kuyambira nthawi imeneyo pafupifupi pa ngodya iliyonse pali mnyamata ndi sikelo, akugulitsa gasi pa kilo. Gasi anabweretsa kamphira, kalozi kakuda kamene kamakhala pamene chophikira chimapotedwera pa silinda. Kamphira ndi kanthu kamene simudziwa kuti muli nako kufikira tsiku limene kang'aluka, gasi wa mlungu wonse n'kutha usiku umodzi, nyumba yonse kununkha kabichi wowola. Kuyesa kwake ndi thovu la sopo: pakani polumikizirapo, pakatuluka timabaluni ndiye kuti pakudontha. Ndinamvapo munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, akulangiza mnzake kuti ayese ndi machesi. Ndipo sanali kuchita nthabwala.

Firiji ili ndi kasiyeni, kogudumuza ka manambala ka m'kati kaja. Dzinali ndi chiganizo chathunthu chimene mayi amanena akaona dzanja likuyandikira. Palibe amagwirizana ngati 1 ndiye kuzizira kwambiri kapena 5, ndipo mkanganowu wadanitsa anthu. Yankho n'lakuti nambala yaikulu ndiye yozizira kwambiri, ndipo manambalawo si madigiri. Koma ngakhale mutanena zoonazo, dzina lake silisintha, kasiyeni basi. Kuseri, pambali pa chiujeni chakuda chija, kuli kathethe, kamene palibe anakaona koma tonse tinakamva. Magetsi akathima n'kubweranso nthawi yomweyo, mpweya wa m'mapaipi umakhala usanakhazikike, injini imalephera kudzuka, imang'ung'udza pang'ono, kenako kathethe kamati the! kuidula isanapse. Pakapita kanthawi kayesanso. N'chifukwa chake anthu amagula kabokosi koika pakati pa firiji ndi khoma, kamene kamachedwetsa magetsi mphindi zingapo akabwera. Kameneko azakhali amakatchula dikirani.

Ketulo nayo ili ndi kadzizimitsa. Nthunzi ikafika pa kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatana, chimodzi chofutukuka msanga kuposa chinzake, kamapindika mwadzidzidzi n'kukankha swichi. Chivindikiro chikakhala chosatseka bwino nthunzi imathawira kwina, ketulo n'kumangowira mpaka khitchini yonse kuchita chifunga, anthu n'kumanamizira kadzizimitsa kuti kafa pamene wolakwa ndi kachitsulo ka chivindikiro kaja.

Tsopano tifike ku zinthu zimene si ziwalo kwenikweni koma malo. Kandimenye ndi pamalo pamene TV yakale kapena wailesi imafuna khofi kuti iyambe kulankhula. Malowa ndi amodzi okha, ndipo amawadziwa ndi munthu mmodzi m'nyumba. Wina akamenya, chithunzi chimangoipiraipira. Mwini wake akabwera, kamodzi kokha pha! nkhani zayamba. Chimene chimachitika m'katimo n'chakuti mtovu wolumikiza waya pa bolodi unang'aluka chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri, ndiye kugwedezako kumagundanitsa mbali ziwirizo kwa kanthawi. Rimoti ilinso ndi kandimenye wake, pa chikhatho, ndipo apa vuto limakhala dzimbiri pa timasipuling'i ta mabatire. Za kachitseko ka mabatire ka rimoti sindinenapo zambiri. Kameneko dzina lake ndi kanalipo, ndipo m'malo mwake muli labala kapena selotepi m'nyumba zonse zimene ndikuzidziwa, za olemera ndi za osauka.

Mbale wake wa kandimenye ndi kagwireni: nthambo ya tchaja imene imagwira ntchito pokhapokha itapindidwa mwakutimwakuti, eriyo imene imakoka siteshoni mwana akaigwira ataimirira mwendo umodzi pafupi ndi zenera. Ana ambiri omaliza kubadwa anaonera mpira wa Dynamos ndi Highlanders chammbali, mkono uli m'mwamba, akuluakulu akukuwa kuti, "Pomwepo! Usasunthe!"

Koma mfumu ya onsewa ndi katsala. Mukamasula chinthu, n'kuchikonza, n'kuchimanganso, pa nyuzipepala pamatsala sikuluwu imodzi, kapena kawasha, kapena kasipuling'i. Chinthucho chikugwira ntchito bwinobwino. Katsala ndi umboni, malinga ndi amuna a m'banja mwathu, woti azungu amaika zinthu zambiri zosafunika kuti akweze mtengo. Achimwene anga akulu anamasula fani imodzi kangapo konse, ulendo uliwonse n'kutsala kena, ndipo fani ija inapitirira kuzungulira, ngakhale kuti pomaliza inayamba kuyenda yokha pa tebulo kulowera kukhomo. Katsala satayidwa, poti mwina tsiku lina chinthucho chidzamufuna. Tsikulo likafika palibe amakumbuka kuti katsala uti ndi wa chiyani, ndiye amayesa mmodzimmodzi, wokana kulowa n'kumukakamiza ndi pulayala.

Pali munthu mmodzi m'banja mwathu amene amanyoza mawu onsewa, malume anga atelala. Iwo anaphunzira kusoka kwa bambo awo pa khonde la sitolo, pa makina a Singer opalasa ndi mapazi, ndipo pa makinawo palibe kaujeni. Pali bobini, pali shatulo, pali lamba wachikopa wolumikizidwa ndi kawaya, pali mano okoka nsalu, pali kolimbitsira ulusi wa pamwamba ndi kasikuluwu kolimbitsira wa pansi. Ulusi ukamapanga zisa kunsi kwa nsalu, iwo amakuuzani osayang'ana kuti vuto lili ku ulusi wa pamwamba, osati wa pansi monga aliyense amaganizira. Mukati, "Malume, kaujeni aka," amavula magalasi n'kukuyang'anani mpaka mutachita manyazi. "Mphwanga, chinthu chimene chimakudyetsa uzichitchula dzina." Ndimawalemekeza pa zimenezo. Koma apatseni foni. "Tandichotsera kaujeni kakutuluka apaka, kakuphimba ujeni, ndikufuna ndione a ujeni ngati ayankha." Aliyense ali ndi malire a munda wake, ndipo kuseri kwa malirewo tonse timalankhula chilankhulo chimodzi.

Kumene mawuwa amayesedwa pamoto ndi ku Siya-So, kuno ku Mbare, kumene anthu amasula, kuwotcherera ndi kugulitsa chilichonse chachitsulo, chatsopano, chakale ndi chapakatikati. Malowa anagwetsedwa mu 2005 nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagumula misika ndi nyumba zimene linati n'zosaloledwa, koma anamera kachiwiri, ndipo phokoso la nyundo limakulandirani muli patali. Za mafoni ndi marimoti anthu amapita ku Gulf m'tauni, za galimoto ku Gazaland ku Highfield, koma kaujeni wamba wa m'khitchini kwawo n'ku Siya-So. Kumeneko ndinaphunzira kuti dzina lili ndi mtengo. Mukafika n'kutchula dzina la Chingerezi molimba mtima, ndi saizi yake, wogulitsa amadziwa kuti mwina ndinu mmisiri mnzake, mtengo umakhala wa abale. Mukafika n'kuyamba kupota dzanja m'malere, mnyamatayo amamwetulira, nakupatsani mpando. Amafunsa m'Chishona chimene mukufuna: "Muri kutsvaga chii, mudhara?" Mukayankha ndi kaujeni, amamva kalankhulidwe, nasintha: "Aa, achimwene! Tinacho, tinacho." Ali nacho ndithu, ngakhale asanadziwe kuti n'chiyani. Amatuma kamnyamata kuthamanga kuseri kwa mashedi, kamene kamabwera ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse akuti ndi chomwecho.

Nzeru ya akuluakulu pa nkhaniyi ndi yakuti mtembo uzipita nawo. Kafera-anzake wakufa, kamphira kong'aluka, kogudumuza kothyoka, mangani pa mpango, mukafika yalani pa tebulo osanena kanthu. Wosalankhula sadziwika ngati ndi mbuli kapena katswiri. Amayi a ku Mbare amachita bwino zimenezi kuposa abambo, poti bambo safuna kuoneka wosadziwa, ndiye amapeka dzina la Chingerezi limene kulibe, wogulitsa n'kuvomera mwaulemu kuti inde, limenelo n'losowa masiku ano, n'kuwonjezera dola. Vuto lina ndi chenji. Chiyambire kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, kanthu ka masenti ochepa n'kovuta kugula kokha, ndipo ngakhale ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu April 2024 nyimbo ikadali yomweyo: tengani tiwiri, kapena onjezerani aka kuti ikwane dola. Choncho mumapita kukagula kaujeni kamodzi n'kubwerera ndi tiujeni tinayi, titatu mwa ito simukudziwa ntchito yake.

Ana athu obadwira kuno amasakaniza. Anzawo a Chishona ali ndi nhingi ndi nhingirikiri, ndiye m'nyumba mumamveka kanhingi, tinhingirikiri, nthawi zina kaujeni-nhingi pamene zinthu zavuta kwenikweni. Agogo awo amadandaula kuti chilankhulo chikutha, koma ine ndikamva mwana akusiyanitsa bwinobwino kanhingi ndi chinhingi ndimadziwa kuti lamulo lalowa. Chimene chikuopseza mawuwa kwambiri ndi kamera. Masiku ano mwana sapota dzanja, amajambula kanthuko n'kutumiza pa WhatsApp kwa wogulitsa. N'zachangu, sindikana. Koma chithunzi sichinena kukula, ndipo msuweni wanga anaitanitsa kamphira ka poto wophikira nyemba mwa nthunzi n'kulandira mphira wa chitseko cha makina ochapira, woti mwana n'kudutsamo. Akanati kamphira ndi pakamwa, ka- yekhayo akanamupulumutsa.

Mawu atsopano akubadwabe, makamaka chibwerere sola. Pali kaphethiphethi, kanyale kobiriwira ka pa inverter kamene banja lonse limakayang'ana madzulo kuti lidziwe ngati kuli kuonera TV kapena kugona msanga. Pali kalirausiku, kamene kamayamba kuti pii pii batire ikatsika, nthawi zonse cha m'ma 2 koloko m'bandakucha. Pali tiujeni ta padenga tolumikizira nthambo za mapanelo, timene timalowa mosavuta koma kutuluka mpaka chikhadabo chithyoke. Ndipo pakali pano kwathu kuli mlandu umene sunagamulidwe. Mlongo wathu wa ku Leeds anatumiza ndalama, tinagula batire ya lithium, yaing'ono, yoti mnyamata n'kuinyamula yekha, yosiyana ndi zimabatire zakale za asidi zimene zinkafuna amuna awiri. Mwana wa achimwene akuti imeneyo ndi kaujeni, poti lamulo ndi kukula. Mayi akuti ayi, anaona risiti, chinthu cha mtengo umenewo sichingakhale ka-, ndi chiujeni, ndipo aliyense azichitchula motsitsa mawu. Malume atelala anafunsidwa maganizo, anati dzina lake ndi batire, onse anawauza kuti asasokoneze nkhani. Azakhali akuti tidzaukambenso Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, a ujeni a ku Matapi akakhalapo.